Lachisanu la Apongozi

Chiwaya chinafika Lachinayi madzulo, monga chimafikira chaka ndi chaka. Stas, amene amayendetsa galimoto ya mkaka yochokera kumudzi kwa apongozi anga, anaimba hutala pazenera langa mpaka agalu onse a mumsewu mwathu anayamba kuuwa. Ndinali nditangogona pang'ono kuti ndipite kuntchito ya usiku ndi maso opepuka. Ndinatuluka nditaponya jekete pamwamba pa vesiti, ndikutukwana chamumtima.

"Mkamwini wa mfumukazi, landira katundu," anatero Stas, akutsitsira makatoni pa chipale chofewa chimene chinali chitayamba kusanduka matope.

"Chaka chilichonse imakhala katoni imodzi. Enawa ndi a ndani?"

"Ukandifunsa ine, ine ndikafunse ndani? Anati atatu, ndanyamula atatu. Atinso chiwayacho ukachitsukanso ndi sopo ngati chaka chatha, makutu akowo akudula."

"Ukawauze kuti mkamwini wawo akuwaitana mawa, ndi ulemu wonse."

"Ulemu wonsewo uli mu vesiti yobookayo?" Anaseka, n'kuliza galimoto, n'kundisiya ndi makatoni anga.

Sabata ya Batala, chikondwerero chathu cha zitumbuwa chimene chimachitika tisanayambe kusala kudya kwa Pasaka, ili ndi malamulo ake, ndipo apongozi anga, Mayi Antanina, salumpha ngakhale limodzi. Lachitatu mkamwini amakadya zitumbuwa kwa apongozi. Lachinayi apongozi amatumiza chiwaya chawo, chipande, beseni ndi ufa. Lachisanu amabwera kudzadya kwa mkamwini, ndipo mkamwini woiwala kuwaitana amanenedwa mpaka tsiku la maliro ake. Ine ndatsata zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu. Kungoti zaka zambiri mwa zimenezo woima pachitofu anali Raisa, mkazi wanga. Ine yanga inali kutsekula botolo ndi kuyamikira.

Raisa anapita ku Italiya zaka zitatu zapitazo kukasamalira gogo wina wolemera. Anati adzabwera pa Pasaka ya chaka chino, kubwera kokhazikika. Ndiye mu Novembala anandiimbira foni, ine ndili m'sitolo ndikusankha anyezi, n'kundiuza kuti sabweranso. Kuli bambo wina kumeneko, wokonza mabwato. Sindinakuwe, sindinagwe, anyezi ajanso ndinalipira. Chimene chinandilasa ndi mawu ake omaliza: "Amayi uwauze ndiwe, Lyavon. Iwe amakumvera. Ine akangolira pafoni ndifa."

Ndiye taonani, wothawa ndi iye, wosenza uthenga ndine.

Pamene ine ndinkazengereza, Mayi Antanina anali ndi zawo. Miyendo yawakana. Chitsime chili kutali, nkhuni sizidziwaza zokha, ndipo m'chisanu cha chaka chino anagwa kawiri pakhomo pawo. Tinagwirizana kalekale kuti Raisa akadzabwera iwo adzasamukira kwathu, m'kachipinda koyang'ana kumsewu, poti ife timakhala pansi penipeni pa mdadada wa nyumba zosanja, madzi ndi a pampopi, ndipo mapaipi ofunditsa m'nyumba amatentha usana ndi usiku. Mu Januwale kunapezeka anthu a mumzinda ofuna nyumba yakumudzi yoti azidzapumirako nthawi yotentha. Mapepala anapangana kuti asaina Lachiwiri, Sabata ya Batala ikangotha. Ndinamulembera Raisa uthenga kuti amayi ako akugulitsa nyumba poyembekezera iwe. Anayankha mawu atatu: "Ndiye uwauze msanga."

Choncho malire ndinali nawo. Lachiwiri lisanafike, gogo wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi ayenera kudziwa kuti akugulitsa denga lake kuti akakhale ndi mwana amene kulibe. Lachitatu ndinapita kukadya kwawo nditaloweza mawu onse m'basi. Ndinadya zitumbuwa khumi ndi chimodzi, ndinawakonzera chitseko cha khola la mbuzi, n'kubwerera mawu anga ali m'thumba. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndikudziwa, musandiuze. Koma inu simunawaone mmene ankandiwonjezerera uchi m'mbale.

Makatoni aja ndinawakokera m'nyumba. Mu yoyamba munali zanthawi zonse: chiwaya chachitsulo, chakuda bii, cholemera ngati mwana wa chaka chimodzi, chipande chamtengo, beseni, kathumba ka ufa, botolo la chambiko, la uchi, kabotolo ka tizipatso tofiira ta kudambo, ndi maapozi okulunga lililonse m'nyuzipepala yakeyake. Mu yachiwiri ndinapezamo wotchi ya pakhoma, makatani ndi zithunzi za m'mafelemu. Yachitatu sindinatsekule n'komwe. Ndinadziuza kuti gogo wayamba kusamutsa katundu pang'onopang'ono, n'kukankhira zonse kuseri kwa chitseko. Munthu wotopa amakhulupirira chilichonse chimene chingamulole kukhala pansi.

Ntchito yanga ndi yosonkhezera moto kumabaila, kumene timatenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a tauni yonse. Lachisanu ndinaweruka eyiti koloko m'mawa, malasha ali m'mphuno, msana uli ngati wobwereka. Zaka ziwiri zoyamba zimene Raisa kunalibe, apongozi ankadziphikira okha pachitofu changa, ine n'kumangowapatsira ichi ndi icho. Chaka chino ndinati ayi. Munthu sungamuphikitse kaye, kenako n'kumuuza zoterozo. Ndiphika ndekha, adye, ndiwauze.

Ufa wa Mayi Antanina ndi mgaiwa wa tirigu, wogayitsa pachigayo cha kumudzi, madeya ake onse ali momwemo. Dokotala anawaletsa ufa woyera chifukwa cha shuga. Za uchi akuti sanamve bwino, poti dokotalayo anaima mbali ya khutu lawo logontha. Ndinathira ufa m'beseni mongoyerekeza, chambiko, mazira awiri, mchere, soda, zonse nthawi imodzi, n'kutakasa ndi mphamvu za munthu wa fosholo. Maapozi ndinawasenda n'kuwadula mabenthu akuluakulu, kuti aoneke kuti alimo. Moto ndinatsekula wonse.

Chitumbuwa choyamba chinatuluka chakuda kunja, mkati muli phala. Ndinachiponya m'bini. Chachiwiri chinakakamira pachiwaya, ndinachita kuchipala ndi mpeni. Pofika chachinayi khitchini yonse inali utsi wokhawokha, maso anga akuyabwa, ndipo ndinali nditayamba kukangana ndi chiwaya mokweza mawu. Pamenepo ndi pamene ndodo inagogoda pachitseko. Apongozi basi ya leveni koloko anaisiya, anakwera ya naini.

"Wapsa ndani muno?"

"Takulandirani, Mayi. Lowani."

"Ndilowe kuti, mu utsimu? Tsekula zenera, mkamwini, ndisafe ndisanadye."

Analowa pang'onopang'ono, atavala chijasi cha malemu amuna awo, a Mikhas, chofika m'maondo, mpango wamaluwa uli kumutu. Ndinawavula chijasicho n'kuwakokera mpando. Sanakhale. Anayang'ana m'beseni, anayang'ana chiwaya, kenako anayang'ana pazenera, pomwe panalibe kanthu.

"Choyamba chili kuti?"

"Chinapserera, Mayi. Ndataya."

"Wataya." Anandiyang'ana kuchokera pansi, poti ndi aafupi. "Chitumbuwa choyamba ndi cha akufa, chimaikidwa pazenera. Ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Iwe Mikhas wanga wamuponya m'bini pamodzi ndi makoko a mazira."

"Chinali chakuda."

"Zaka makumi anayi anadya zanga, zakuda ndi zoyera zomwe, sanadandaule. Tulutsa."

Ndinawerama, bambo wa zaka makumi asanu, n'kupisa dzanja m'bini. Anachilandira, anachiuzira, anachotsapo kakhoko ka dzira, n'kuchiika pasosala pazenera. "Idyani, abambo," anatero polankhula ndi galasi. "Waphika ndi mkamwini wanu, musandiyang'ane ine."

Atatero anakhala pampando, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kulamula kuti zonse za m'beseni zipite kwa nkhumba za Stas. Tiyambirenso.

"Ufa uwu si wa m'sitolo. Umafuna kumwa kaye. Makapu awiri, chambiko makapu awiri, takasa pang'ono, funditsa nsalu, usiye theka la ola madeyawo afewe. Iwe waufulumizitsa ngati ukuthamangira basi. Soda ndi wakumapeto. Nanga maapoziwa wadulira kavalo? Bweretsa chopalira, apale akhale ngati tiulusi."

Ndinapala maapozi. Anali a mumtengo wa kuseri kwa nyumba yawo, otsiriza a m'chipinda chapansi, makwinya okhaokha kunja koma fungo lake lodzaza nyumba. Ndinafunditsa beseni. Ndipo tinangokhala, awiriwiri, theka la ola lili patsogolo pathu, popanda chogwira m'manja. Ngati Mulungu anandikonzerapo nthawi yolankhula, inali imeneyo.

"Mayi, pali nkhani."

"Yabwino?"

Ndinangoyang'ana nsalu ya pabeseni.

"Ndiye idikire tidye. Nkhani yoipa pamimba ya njala imawawa kawiri. Akuchotsa ntchito eti? Usadandaule, penshoni yanga ilipo, Raisa akubwera, sitifa. Tandionetsa kachipinda kanga."

Ndinamva mtima kupepuka, ndipo manyazi a kupepukako ndikuwamvabe mpaka lero. Ndinawagwira mkono n'kupita nawo kuchipindako. Anayeza zenera ndi zikhatho, anagogoda paipi ndi ndodo, anaigwira n'kumwetulira poimva kutentha. Apa padzakhala bedi, apa wotchi. Raisa akadzafika adzapeza makatani ali kale pazenera, adzadabwa. Pachithunzi chomaliza chija wawonda, anthu a kumeneko amangodya masamba ndi mafuta a m'botolo, koma miyezi iwiri yokha adzabwerera m'thupi. Ine ndinkangoti inde, Mayi, inde, Mayi, ngati mwana wa sukulu.

Ndinene zoona, poti ndayamba kale. Sindinkabisa nkhaniyo chifukwa chowamvera chisoni iwo okha ayi. Ndinkadzimvera ndekha. Makolo anga anamwalira ndisanamere ndevu, abale ndilibe, ana Mulungu sanatipatse. Pa dziko lonse lapansi munthu amene amandiona n'kunena kuti wawonda, khala pansi udye, ndi gogo ameneyu. Ndipo gogoyu ndinamupeza kudzera mwa Raisa. Mkazi akachoka, apongozi amatsala ndi ndani? Ndinkaopa kuti ndikangotsekula pakamwa, Lachitatu la chaka chamawa lidzandipeza ndilibe kopita. Mantha amenewo ndinawasenza miyezi inayi, ndipo ananditopetsa kuposa fosholo.

Titabwerera kukhitchini ufa unali utafufuma, utalimba bwino. Anandiuza kuswera mazira, kathiridwe ka mchere, batala wosungunula supuni ziwiri, maapozi, kenako soda wa pansonga ya mpeni. Anati nditakase kasanu basi, ndisiye. Moto anachepetsa okha ndi nsonga ya ndodo.

"Kuno si kumabaila. Sitikutenthetsa tauni."

Anandidulitsa mbatata pakati, kuibaya ndi foloko, kuiviika mu batala n'kupukutira chiwaya. Chipande chimodzi, chitumbuwa chimodzi, zitatu pachiwaya.

"Manja kumbuyo. Usazigwire. Udikire timabowo tituluke pamwamba, m'mbalimu muume. Wationa? Tembenuza. Kamodzi kokha, si makhadi awa."

Chinatembenuka chofiirira bwino, tiulusi ta apozi tikuonekera. Ndinadabwa kuti chatuluka m'manja mwanga.

"Waona? Zaka makumi awiri ndi zitatu ndimaganiza kuti manjawo ndi a botolo basi."

Uku ndikukazinga, iwo anakokera mpando pafupi ndi chitofu n'kuika kapoto kumbali. Uchi, batala, ndi tizipatso tofiira tija dzanja limodzi. Anatakasa mpaka tinayamba kuphulika timodzitimodzi, uchi n'kusanduka wofiira. Analawa, anatsinzina, anawonjezera uchi. Ndinati shuga, Mayi. Anati lankhula mbali inayo.

Tinakhala patebulo itangokwana thwelofu. Anadzilemba mtanda, anathira uchi uja pa zitumbuwa zitatu, n'kudya mwakachetechete, monga amadyera munthu amene akuweruza mlandu. Kuwawasa kwa apozi, kukhakhala kwa madeya, kutsekemera kwa uchi, zonse zinalimo, koma ine sindinamve kukoma kwake. Anamaliza chachitatu, anapukuta pakamwa.

"Zikudyeka. Mchere wachepa, koma zikudyeka. Tsopano nena nkhani yakoyo."

"Raisa sabwera pa Pasaka."

"Amuwonjezera miyezi? Gogo wakeyo bwanji sakufa?"

"Sabweranso, Mayi. Wapeza mwamuna wina kumeneko."

Ndinanena motsitsa, ndikuyang'ana mbale. Iwo anapendeketsa mutu, n'kunditembenuzira khutu labwino.

"Bwereza mbali ino."

Mawu amene ndinalephera kuwanena kamodzi pa miyezi inayi ndinawanena kawiri pa mphindi imodzi, kachiwiriko mokweza, moti ndikhulupirira kuti a nyumba yoyandikana nafe anamva. Mayi Antanina anaika foloko pansi bwinobwino, pambali pa mbale. Nkhope yawo sinasinthe, koma dzanja linayamba kusisita nsalu ya patebulo.

"Unkamumenya?"

"Ayi."

"Mowa?"

"Monga mukudziwira. Pa zikondwerero."

"Ndiye n'chiyani?"

"Akuti kuno anaiwala kuseka."

"Kuseka." Anapukusa mutu. "Ine ndinaseka liti?"

Ndinaona kuti choopsa chadutsa, ndathana nacho, ndipo ndinafulumira kufika pa mfundo imene ndinkaiona ngati yowapulumutsa. "Ndiye nyumba musagulitse, Mayi. Lachiwiri musapite. N'chifukwa chake ndanena lero, nthawi ikadalipo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wadziwa liti?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka. Ndikanati dzulo. Koma ndinali nditatopa kwambiri moti ngakhale bodza linandilemera.

"Mu Novembala."

Anawerenga pa zala, chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Zala zinayi.

"Dzana unakhala patebulo langa."

"Inde, Mayi."

"Unadya khumi ndi chimodzi. Unakonza chitseko cha khola. Ndinakuperekeza mpaka pageti, miyendo yomweyi."

"Inde."

"Anthu ogula nyumba aja anabwera dzulo m'mawa. Anati poti abwera kudzaonera chikondwerero, bwanji tingomaliziratu. Ananditenga pagalimoto yawo, yofunda bwino mkati, mpaka ku ofesi. Ndasaina, Lyavon. Mbuzi ndapereka kwa amake Stas. Unkaganiza kuti wotchi ya pakhoma ndi yokazingira zitumbuwa?"

Sananene kuti mkamwini. Anati Lyavon, ndipo ndinalimva dzina langa ngati la munthu wina. Tsiku limodzi. Ndikanatsekula pakamwa Lachitatu, pakati pa chitumbuwa chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi, gogoyu akanakhala ndi nyumba. Raisa anawalanda mwana, koma denga ndinawalanda ndine, ndi ulemu wanga wonse ndi inde Mayi wanga.

"Tikhoza kukawapempha. Ndipita ndekha kumzinda, ndikawafotokozera."

"Ukawafotokozera chiyani? Kuti mkamwini wanga anali wotanganidwa ndi kutafuna? Madzi akatayika saoleka. Ndinalemba dzina langa, ndinawagwira chanza, ndinawaonetsa nthambi za mtengo wa maapozi zofunika kudulira. Pofika Pasaka ndikhale nditatuluka."

"Chipinda chilipo, Mayi. Mwachiona nokha. Palibe chasintha."

"Palibe chasintha!" Apa ndiye mawu anakwera, ndodo inagunda pansi. "Ndibwere ngati ndani? Mayi wa mkazi amene anakuthawa? Akazi a pabenchi panjapo adzatafuna ndani chaka chonse, si ine? Taonani uyo, mwana wake ali ndi wa mabwato, iye akudya za mwamuna wosiyidwa. Ndipo iwe ukadzapeza wina? Adzandiika pakhonde pamodzi ndi njinga?"

"Sindipeza wina."

"Usalumbire, amuna nonse mumatero mimba ikakhala yokhuta."

Ndinkafuna kugona, basi. Kuika mutu patebulo pomwepo, pakati pa mbale, n'kugona mpaka Pasaka.

"Imba foni," anatero.

"Ali pantchito nthawi ino."

"Inenso ndinali pantchito tsiku limene ndinamubereka, ndinasiya. Imba."

Inaitana nthawi yaitali, n'kuduka. Ndinaimbanso. Kachitatu anayankha, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino m'khitchini monse: "Lyavon, ndinakuuza kuti masana usamandiimbire."

Mayi Antanina anatambasula dzanja. Ndinawapatsa foni, anaiika pa khutu labwino.

"Ndine mayi ako."

Ndinatenga jekete n'kutuluka. Za mayi ndi mwana wake si zomvetsera. Ndinakhala pa sitepe ya panja, madzi a chipale chosungunuka akudontha kuchokera padenga n'kumandigwera pa nsapato, ine osasuntha phazi. Mayi wina wa pamwamba pathu anadutsa ndi chikwama cha zogula, anandifunira chikondwerero chabwino, n'kufunsa ngati apongozi afika. Ndinati afika. Anati ndiwe wamwayi, anga anapita kalekale. Kudzera pazenera lotsekula lija ndinamva mawu a gogo akukwera kamodzi kokha, kenako zii. Ndinadikirabe. Ndinkaganiza za kumene gogo wa miyendo yotere angapite, ndipo kulikonse kumene ndinkaganiza kunali koipa. Ndinkaganizanso, Mulungu andikhululukire, za ine ndemwe m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndikudya mazira owiritsa nditaimirira.

Nditalowa, foni inali patebulo chadodolido. Iwo anali ataimirira pachitofu, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwa sinki, linalo chipande. Ufa wotsala m'beseni anali akuumaliza. Sananditembenukire.

"Akuti azinditumizira ndalama ndipeze kachipinda ka lendi. Kapena kunyumba ya okalamba. Akuti za masiku ano ndi zabwino, zili ndi wailesi yakanema m'chipinda chilichonse."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndati kumeneko adzapite yekha akadzakalamba, ndi wa mabwato wakeyo." Anapukuta chiwaya ndi mbatata ija. "Walira. Inenso ndalira. Ndi mwana wanga, sindingamutaye, ndipo iwe usadzamunene ine ndili pomwepo, wamva?"

"Ndamva."

"Stas abweretsa bedi Lolemba. Ine ndimaliza mkonono. Ndimadzuka faifi koloko. Nsapato za malasha zizitsala pakhomo. A pabenchiwo ndithana nawo ndekha, ndinawaona akadali ndi mamina. Sikuti ndakusankha, usadzinamize. Kulibe kwina."

"Ndikudziwa, Mayi."

Chimene ndinkaopa kutaya sindinachitaye, koma ndinachipeza pa mtengo umene analipira ndi wina, ndipo chimwemwe chake chinali chowawa moti sindinadziwe poika maso. Ndinasendera pafupi, mbali ya khutu labwino.

"Mayi, ndikhululu..."

"Khala chete." Anakweza chipande osandiyang'ana. "Lero ndi Lachisanu. Tsiku lopepesana pa Sabata ya Batala ndi Lamulungu. Udzabwere pamenepo, udzawerame monga amachitira anthu onse, ndipo ndidzakuyankha monga mwambo unenera, poti ndine Mkhristu. Koma nyumba ija ndinalowamo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masiku awiriwa undisiye ndikude."

Misozi inkatsika m'masaya mwawo, osaipukuta, maso ali pachiwaya. Ndinabwerera pampando wanga, ndinakhala pansi, n'kuwasiya andide.